Masekondi Atatu: Gwero la Chiganizo Chachangu ndi Kudzidalira

Pafupifupi masewero onse ampikisano ali ndi lamulo kapena kachitidwe kamene kamamana wosewera nthawi yolingalira mofatsa, ndipo kaŵirikaŵiri pamene nthawi yachepa mpamene katswiri amasiyana ndi wosewera wamba, ngakhale onse awiri atakhala ofanana mphamvu ndi liwiro. Mu mpira wamanja, umene ena amautcha ntchembere mbaye, wosewera saloledwa kukhala ndi mpira kupitirira masekondi atatu, kutanthauza kuti m'kanthawi kameneko ayenera kuponda bwino, kuona pamene anzake aima, kuzindikira mdani amene akufuna kuudumphira mpirawo, ndi kuuponya kumene ukufunika. Mu mpira wamiyendo, penate imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11 kuchokera pagolo lotambalala mamita 7.32, ndipo mpira womenyedwa mwamphamvu umafika pamzere wa golo theka la sekondi lisanathe, pamene goloboyi amafuna nthawi yoposa pamenepo kuti aone, asankhe mbali ndi kudziponya mpaka kukona. Goloboyi wodikira kuti atsimikize kumene mpira walowera amakhala atachedwa kale, motero ntchito yake imamukakamiza kuchita chinthu asanadziwe zonse.

Ochemerera ambiri akaona wosewera wosankha bwino pa nthawi yochepa chotere amati ndi mphatso yobadwa nayo, kapena amati mwanayo ndi wolimba mtima, ndipo nkhani imathera pomwepo. Makolo nawo adasiya malangizo awiri ooneka ngati otsutsana, pakuti adati mapanga awiri avumbwitsa, pochenjeza munthu wozengereza, koma adatinso kuona maso a nkhono n'kudekha, pochenjeza munthu wa phuma. Malangizo onse awiri ndi oona, ndipo chovuta ndi kudziwa nthawi imene lililonse likugwira ntchito. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu akhala akufufuza funso limeneli kwa zaka pafupifupi 80, ndipo zimene apeza zikusonyeza kuti chiganizo chachangu cha katswiri chimabadwa m'zaka zambiri za kuphunzira pang'onopang'ono, ndi kuti kudzidalira kopindulitsa kumachokera ku gwero lomwelo.

Kafukufuku woyamba wodziwika bwino adachitika pa masewero a tchesi, amene amafanana ndi bawo poti osewera awiri amakhala pansi n'kumasuntha tizidutswa pathabwa motsata malamulo okhazikika. Adriaan de Groot wa ku Netherlands, amene adasindikiza zotsatira za ntchito yake mu 1946, ankayembekezera kuti akatswiri a tchesi amaona patali kwambiri ndi kuyesa njira zochuluka m'mutu kuposa osewera ena, koma adapeza kuti kusiyana kwake pa mbali imeneyi kudali kochepa. Chimene chidali chosiyana n'chakuti njira zoyamba kubwera m'mutu mwa katswiri zinkakhala kale zabwino, ndiponso akamuonetsa thabwa kwa masekondi ochepa chabe ankatha kukumbukira pamene padali pafupifupi kachidutswa kalikonse. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon a ku America adabwereza ntchitoyi koma adaonjezapo chinthu chimodzi: nthawi zina ankamwaza tizidutswato mwachisawawa, mosatsata mmene masewero enieni amayendera, ndipo zikatero luso lokumbukira la katswiri linkatsala pang'ono kufanana ndi la wophunzira. Izi zidaonetsa kuti katswiri sakhala ndi ubongo wapadera wosunga chilichonse, koma amakhala atasunga maonekedwe ambirimbiri a masewero amene adakumana nawo kale, kotero kuti akayang'ana thabwa amazindikira chimene chikuchitika monga munthu azindikirira nkhope ya mbale wake pakati pa khamu la pamsika, osayamba wayeza mphuno ndi makutu.

Gary Klein, katswiri winanso wa ku America, adatengera funsoli ku ntchito imene kulakwitsa kumaphetsa anthu. M'zaka za m'ma 1980 iye ndi anzake adacheza ndi akuluakulu a magulu ozimitsa moto, pofuna kudziwa mmene amafananitsira njira zosiyanasiyana nyumba ikamayaka, ndipo ambiri adayankha kuti safananitsa chilichonse. Mkulu wozolowera ntchito akafika pamalo amazindikira mtundu wa moto umene wakumana nawo, njira imodzi imabwera m'mutu mwake, amaiyesa mwachidule m'maganizo kuti aone ngati ingapherezere, ndipo ngati saona chopinga amalamula anthu ake nthawi yomweyo. Njira yachiwiri amaiganizira pokhapokha yoyambayo ikaoneka kuti ili ndi vuto. Klein adafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1998 lotchedwa Sources of Power, ndipo kufotokoza kwake kumathandiza kumvetsa chifukwa chimene katswiri amalephera kunena bwino mmene adadziwira choyenera kuchita. Kudziwako kumabwera mawu asanabwere.

Pabwalo la mpira zimayenda chimodzimodzi. Goloboyi wozolowera amawerenga thupi la womenya penate mpira usanachoke pansi: mmene wathamangira pobwera, kumene phazi loponda pansi laloza, ndi mmene chiuno chatembenukira. Womwetsa zigoli naye amakhala akuponya maso uku ndi uku mpira usanamufike, kotero kuti ukafika kuphazi kwake chiganizo chimakhala chitapsa kale. Amalawi ali ndi chitsanzo chimene sadzachiiwala msanga. Pa 25 Januwale 2022, mu mzinda wa Yaoundé ku Cameroon, timu ya Malawi ya Flames idakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa Cup of Nations, ndime imene Malawi idali isanafikepo chiyambire. Patangotha mphindi 7, Gabadinho Mhango adalandira mpira pa mtunda wa mamita opitirira 30 kuchokera pagolo, pa nthawi imene goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, adali atasunthira kutsogolo, ndipo adaumenya mpirawo n'kudutsa pamwamba pa goloboyiyo mpaka mu ukonde. Wosewera amene akadayamba waima kuti awerengere mwayi wake akadapeza otchinga kumbuyo atamuzinga ndipo goloboyi atabwerera pamalo pake. Morocco idapambana masewerowo 2-1 ndi zigoli za Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, koma chigoli cha Mhango chidaonetsa dziko lonse chimene diso lozolowera ndi phazi lokhulupirira luso lake zingachite m'kanthawi kochepa.

Pamafunika chilungamo pokamba za chigoli chotere, chifukwa anthu ali ndi chizolowezi choweruza chiganizo potengera zotsatira zake zokha. Mpira uja ukadapita kunja ndi mita imodzi, ochemerera omwewo amene adavina usiku umenewo akadanena kuti wosewerayo ndi wodzikonda ndipo akadayenera kupatsira mnzake, chonsecho chiganizo chikadakhala chomwecho, chochokera pa zomwezo zimene adaziona. Chiganizo chabwino chikhoza kubala zoipa ndipo choipa chikhoza kubala zabwino, pakuti mwayi uli ndi gawo lake m'masewero aliwonse. Mphunzitsi wodziwa ntchito amafunsa ngati wosewera adasankha moyenera potengera zimene zinkaoneka pa nthawiyo, ndipo mphunzitsi amene amangoyang'ana ngati mpira walowa amaphunzitsa osewera ake mantha.

Kuti katswiri amachita bwino akafulumira zidatsimikizikanso m'kafukufuku wa Sian Beilock ndi anzake, amene mu 2004 adauza osewera gofu kuti azimenya mpira wolowetsa m'dzenje mwachangu nthawi zina, ndipo nthawi zina modekha monga angafunire. Ophunzira kumene ankachita bwino akapatsidwa nthawi, pamene akatswiri ankachita bwino akafulumizidwa, chifukwa luso limene thupi lidazolowera limasokonekera munthu akayamba kulilondoloza ndi maganizo mbali ndi mbali. Kusokonekera kumeneku ndiko kumachititsa kuti wosewera amene amagoletsa mosavuta pokonzekera aphonye poyera tsiku la mpikisano waukulu. Mantha amamubwezera ku kaganizidwe ka wophunzira, kofunsa kuti phazi liponde pati ndipo bondo lipindike motani, mafunso amene adasiya kudzifunsa zaka zambiri zapitazo.

Apa mpamene kudzidalira kumalowera, ndipo tanthauzo lake liyenera kumveka bwino, chifukwa ambiri amakusokoneza ndi matama. Albert Bandura wa pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford adalemba mu 1977 za chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho chakuti angathe kuchita ntchito inayake yodziwika, monga kumenya penate kapena kulankhula pagulu, ndipo adasonyeza kuti chikhulupirirochi chimalamula ngati munthu ayamba ntchitoyo, khama limene aikepo, ndi kutalika kwa nthawi imene apirire zikavuta. Iye adati gwero lake lamphamvu kuposa onse ndi kupambana kumene munthu adakuona yekha pa ntchito yomweyo m'mbuyomo. Kuona munthu wofanana naye akupambana kumathandizanso, mawu olimbikitsa a ena amathandiza pang'ono, ndipo mmene munthu amamasulira kugunda kwa mtima ndi thukuta la m'manja kuli ndi gawo lake. Mfundo yachiwiriyo ili ndi umboni wake m'dziko muno. Mtsikana wa ku Mzimba kapena ku Nsanje amene adamva kuti Mwawi Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015, kapena kuti timu ya Malawi ya Queens idagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018, amalowa m'bwalo akudziwa kuti munthu wokulira m'fumbi lomwelo angathe kufika pamwamba. Komabe kudziwa kumeneku kumangotsegula khomo, ndipo kumazilala msanga ngati mtsikanayo saponya yekha mipira yambirimbiri n'kuiona ikulowa.

Changu chili pawiri, ndipo kusiyanitsa mitundu yake iwiri n'kofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Geir Jordet wa ku Norway, amene waonera mosamala mafilimu a mapenate olekanitsa matimu m'mipikisano ikuluikulu, adapeza kuti osewera amene amathamangira mpira woimbira atangoliza wezulo amaphonya kawirikawiri kuposa amene amayamba apuma kaye pang'ono, ndipo ambiri mwa othamangirawo amaonekanso akupewa kuyang'ana goloboyi. Kufulumira kwawo n'kofuna kuti nthawi yowawitsa mtimayo ithe msanga. Jordet adapezanso kuti penate imene ikalowa timu ipambana imalowa koposa kasanu ndi kanayi pa khumi paliponse, pamene penate imene ikaphonyedwa timu ituluka imalowa pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa khumi, ngakhale mtunda, mpira ndi golo zili zomwezo. Chimasintha ndi chimene wosewera wasenza m'mutu poyenda kuchokera pakati pa bwalo.

Masewero otsiriza a Africa Cup of Nations a mu 2012 ndi phunziro lokwanira pa mfundo imeneyi. Pa 12 Febuluwale chaka chimenecho Zambia idakumana ndi Ivory Coast ku Libreville, mzinda wa ku Gabon umene pafupi ndi gombe lake ndege yonyamula timu ya Zambia idagwera m'nyanja pa 27 Epulo 1993, n'kupha anthu onse 30 amene adali m'menemo, kuphatikizapo osewera 18. Ivory Coast idali ndi osewera otchuka a m'matimu akuluakulu a ku Ulaya, idafika m'ndime yotsiriza osagoletsedwa chigoli ngakhale chimodzi, ndipo anthu ambiri ankaona kuti chikho n'chake. Udindo wosenza chiyembekezo chotere ndi wolemera, ndipo m'chigawo chachiwiri Didier Drogba, mmodzi mwa omwetsa zigoli oopsa a nthawi imeneyo, adamenya penate n'kuipititsa pamwamba pa golo. Masewero adatha opanda chigoli ngakhale ataonjezera nthawi, ndipo pa mapenate olekanitsa osewera 14 oyamba onse adagoletsa, mmodzi mwa iwo ali goloboyi wa Zambia, Kennedy Mweene, amene adavula udindo wotchinga kwa kanthawi n'kukamenya yekha modekha. Kenaka Mweene adagwira penate ya Kolo Touré, Rainford Kalaba adaphonya mpata wopatsa Zambia chikho, Gervinho adamenya pamwamba, ndipo Stoppila Sunzu, wotchinga kumbuyo, adagoletsa kuti Zambia ipambane 8-7.

N'kulakwa kunena kuti Drogba adalibe luso kapena kulimba mtima, pakuti pa mapenate olekanitsa aja adabwereranso n'kugoletsa, chinthu chimene chimafuna mtima wokhazikika kuposa kumenya koyamba. Chimene tsikulo lidaonetsa n'chakuti kudzidalira sikukhala mwa munthu ngati msinkhu wake, wosasintha m'mawa ndi madzulo, koma kumakwera ndi kutsika malinga ndi mmene iye akuonera chimene chili patsogolo pake. Osewera a Zambia, motsogozedwa ndi mphunzitsi Hervé Renard, adali atapita kugombe kukaponya maluwa pokumbukira anzawo a mu 1993, adali atasewera limodzi kwa zaka zingapo, ndipo pa nthawi ya mapenate ankaimba. Iwo ankaona chikho choti achitenge, pamene anzawo ankaona chikho choti chingawapulumuke.

Kufuna kuoneka wochitapo kanthu nako kumasocheretsa. Michael Bar-Eli wa ku Israel ndi anzake adasanthula mapenate 286 a m'mipikisano ikuluikulu n'kusindikiza zotsatira mu 2007, ndipo adapeza kuti magoloboyi amadziponya kumanja kapena kumanzere pafupifupi nthawi zonse, ngakhale kuti mipira yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi imamenyedwa chapakati pa golo, pamene woima chilili akadaigwira. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa: goloboyi amene wadziponya n'kugoletsedwa amaoneka kuti wayesetsa, pamene amene waima n'kugoletsedwa amaoneka ngati wagona pantchito. Akuluakulu a m'maofesi, a ndale ndi a mabungwe amagwa m'mbuna yomweyi akamasintha zinthu mwaphuma pongofuna kuti anthu asawanene kuti akhala manja lende.

Funso lotsala ndi lakuti phunziro la pabwalo lingatengeredwe mpaka pati m'moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo yankho lomveka bwino lidachokera kwa anthu awiri amene poyamba ankaoneka otsutsana. Daniel Kahneman, amene adalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2002 chifukwa chosonyeza mmene maganizo achangu amanamizira anthu, adagwira ntchito limodzi ndi Gary Klein, ndipo mu 2009 adalemba pamodzi kuti chiganizo chachangu chimadalirika pakakhala zinthu ziwiri: ntchitoyo ikhale ndi zizindikiro zobwerezabwereza zimene zimalozadi ku chimene chichitike, ndipo munthuyo akhale atapeza mpata wautali woziphunzira, akumaona msanga ngati walondola kapena walakwa. Adaonjezanso kuti kumva mumtima kuti ukulondola si umboni wakuti ukulondoladi. Chesley Sullenberger, amene pa 15 Januwale 2009 adatsitsira ndege pa mtsinje wa Hudson ku New York mainjini onse awiri atazima chifukwa chowombana ndi mbalame, n'kupulumutsa anthu onse 155, adali ndi mphindi zosakwana zinayi zoti asankhe chochita, koma adali atauluka maola oposa 19,000 pa moyo wake. Mzamba amene wathandiza amayi mazanamazana amazindikira msanga kuti uchembere uwu sukuyenda bwino, ndipo msodzi wa pa nyanja ya Malawi amene wakulira m'bwato amaona mtambo ndi mafunde n'kudziwa kuti mwera ukubwera mlendo asanaone chilichonse. Anthu oterewa akazengereza pofuna umboni wokwanira, amataya chinthu chamtengo wapatali chimene ntchito yawo idawapatsa.

Kumene zinthu ziwiri zija kulibe, changu ndi kudzidalira zimasanduka msampha. Mlimi amasankha tsiku lobzala kamodzi pa chaka, amaona zotsatira patapita miyezi, ndipo masiku ano mvula yoyamba imatha kugwa kenaka n'kudula kwa masabata angapo, motero zimene adazolowera sizimutsogolera mokwanira monga kale ndipo uphungu wa alangizi ndi a zanyengo umafunika. Kugula malo, kutenga ngongole, kusiya ntchito ndi kusankha womanga naye banja ndi zinthu zimene munthu amachita kangapo kokha pa moyo wake, kotero palibe amene angadzitche katswiri wozichita mwachangu. Brad Barber ndi Terrance Odean, atasanthula mmene mabanja oposa 66,000 a ku America ankagulira ndi kugulitsa masheya pakati pa 1991 ndi 1996, adapeza kuti amene ankagula ndi kugulitsa pafupipafupi, podalira nzeru zawo, ndiwo ankapeza phindu lochepa kwambiri. Chomvetsa chisoni kuposa zonse ndi kubetcha pa mpira, kumene kwafala pakati pa achinyamata m'matauni ndi m'midzi momwe kudzera pa foni za m'manja. Mnyamata amene amadziwa maina a osewera onse a ku England amamva mumtima mwake kudzidalira kofanana ndi kwa katswiri, chonsecho zotsatira za masewero zili ndi mwayi wambiri umene palibe angauwerenge, ndipo mitengo ya kubetcha idakonzedwa kuti kampani izipindula pa ndalama zonse zimene zabetchedwa. Kupambana kamodzi kumakumbukika kwa chaka, kuluza kwa tsiku ndi tsiku kumaiwalika, ndipo ndalama ya ufa ndi ya fizi imathera momwemo.

Zonsezi zili ndi tanthauzo lalikulu pa kaleredwe ka osewera achichepere, ndipo apa mpamene aphunzitsi ambiri a matimu a ana amalakwitsa ndi mtima wabwino. Mphunzitsi amene amaima pamzere n'kumakuwa kuti patsira, menya, bwerera, amakhala akuganiza m'malo mwa mwana, ndipo mwanayo amaphunzira kumvera mawu a kunja m'malo mowerenga bwalo ndi maso ake. Akalakwitsa n'kukalipiridwa pagulu, amaphunzira kuuthawa mpira kuti mlandu ugwere wina. Mpira wa m'makwalala, wa anyamata anayi mbali iyi ndi anayi mbali inayo pa kabwalo kopanikiza, umapatsa mwana aliyense mpata wosankha kambirimbiri pa ola limodzi ndi kuona pompopompo chimene chisankho chake chabala, zomwe ndi zinthu ziwiri zomwe zija zimene Kahneman ndi Klein adazitchula. Aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale, a matimu a m'madera ndi makolo oonera kumbali achepetse kukuwa, achulukitse masewero a magulu ang'onoang'ono, ndipo mwana akataya mpira amufunse chimene adaona asanamuuze chimene akadachita.